MAYI EMILY HOBHOUSE (1860–1926): MBONI YA AMAYI NDI ANA A M'MISASA YA NKHONDO

Mumzinda wa Bloemfontein ku South Africa muli chipilala chachitali chomwe chinamangidwa pokumbukira amayi ndi ana amene anafa pa nkhondo ya pakati pa 1899 ndi 1902. Patsinde pa chipilalacho pali chosema cha mayi atakhala pansi, mwana wake akutsirizika pamiyendo, mayi wina ataima pambali akuyang'ana kutali. Pansi pa chosemacho anaikapo phulusa la thupi la mayi wina wa ku Mangalande, wa mtundu womwewo umene unatsekera amayi ndi anawo m'misasa momwe anafera. Dzina lawo ndi Emily Hobhouse. Kwawo anawatcha woukira dziko, pomwe kwa eni maliro anawaika m'manda a ulemu. Mbiri yawo ndi iyi.

Mwana wa m'nyumba ya ansembe

Emily anabadwa pa 9 Epulo 1860 m'mudzi wa St Ive, kufupi ndi tauni ya Liskeard m'chigawo cha Cornwall. Bambo ake, a Reginald Hobhouse, anali wansembe wa mpingo wa Anglican pa parishi ya St Ive, ndipo pambuyo pake anakhala akidikoni woyamba wa Bodmin. Monga zinkakhalira masiku amenewo, ana aamuna ndiwo anatumizidwa ku sukulu zapamwamba. Mlongo wake Leonard anaphunzira ku Oxford nakhala mphunzitsi wotchuka wa pa yunivesite, koma Emily anaphunzira kwambiri ali pakhomo, ndipo zimenezi zinkamuwawa mtima moyo wake wonse.

Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 20. Kuyambira pamenepo ntchito yosamala bambo ake, omwe ankadwaladwala, inagwera iye. Kwa zaka pafupifupi 15 anakhala pakhomopo akudwazika, akuyendera odwala a m'mudzi ndi kuthandiza ntchito za pa parishi. Ambiri a inu mukudziwa moyo wotere, woti anzako akukwatiwa ndi kupita kutali iwe uli pambali pa mphasa ya kholo. Bambowo atamwalira mu 1895, Emily anali ndi zaka 34.

Chaka chomwecho anawoloka nyanja kupita ku Minnesota, m'dziko la America, kukathandiza anthu a kwawo ku Cornwall omwe ankagwira ntchito m'migodi. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi mwamuna wina wamalonda, John Carr Jackson, ndipo anagula famu ku Mexico poyembekezera banja. Famuyo sinayende bwino, ukwati unalephereka, ndalama zambiri za Emily zinathera momwemo. Anabwerera ku Mangalande mu 1898 ali ndi zaka 38, wopanda mwamuna, wopanda mwana, chuma chili chochepa. Sanakwatiwenso mpaka imfa.

Nkhondo yowotcha midzi

Mu Okutobala 1899 nkhondo inabuka pakati pa dziko la Britain ndi maiko awiri a Mabunu, Transvaal ndi Orange Free State. Mabunu anali azungu a ku South Africa omwe makolo awo ambiri anachokera ku Holland, ndipo china chomwe chinkalimbiranidwa ndi golide wa ku Johannesburg. Asilikali a Britain atalanda mizinda ikuluikulu mu 1900, Mabunu anayamba nkhondo yobisalira m'tchire, akumadya ndi kupeza mahatchi m'mafamu a abale awo. Pofuna kuwafooketsa, akuluakulu a asilikali a Britain, Lord Roberts kenako Lord Kitchener, analamula kuti mafamu aziwotchedwa, mbewu ziziwonongedwa, ziweto ziziphedwa kapena kulandidwa. Nyumba za m'mafamu pafupifupi 30,000 zinapsa. Amayi, ana ndi okalamba anakwezedwa m'ngolo ndi m'sitima kupita nawo ku misasa ya matenti. Anthu akuda omwe ankakhala m'mafamu ndi m'midzi yoyandikana nawo anasamutsidwanso, n'kuikidwa m'misasa yawoyawo.

Ku Mangalande, phungu wina wa nyumba ya malamulo, a Leonard Courtney, anapempha Mayi Hobhouse kuti akhale mlembi wa nthambi ya amayi ya komiti yomwe inkafuna kuti nkhondoyo ithe pokambirana. Mu Juni 1900 iwo anakonza msonkhano waukulu wa amayi ku London wotsutsa nkhondo. Atapita kukalankhula kwawo ku Liskeard, anthu omwe anakula nawo anawakuwiza mpaka msonkhano unasokonekera. Atamva za mafamu owotchedwa, anayambitsa thumba lothandiza amayi ndi ana a ku South Africa, ndipo pa 7 Disembala 1900 anakwera sitima ya pamadzi. Anafika ku Cape Town pa 27 Disembala.

Zomwe anaona ku Bloemfontein

Bwanamkubwa Alfred Milner anawalola kupita kumpoto ndi bogi imodzi ya sitima yodzaza zovala ndi zakudya. Pa 24 Januwale 1901 anafika pa msasa wa Bloemfontein pomwe panali anthu pafupifupi 1,800. Iwo ankaganiza kuti abweretsa timphatso tosangalatsa anthu ovutika, koma anapeza kuti ngakhale zinthu zosungira moyo panalibe. M'tenti imodzi munkagona anthu ambiri, ena pansi penipeni. Masana tenti inkatentha ngati uvuni, mvula ikagwa madzi ankadutsa pogona. Sopo kunalibe. Nkhuni zophikira ndi zowiritsira madzi zinali zosowa, ndipo madzi akumwa anali oipa. Mabanja omwe abambo awo anali adakali kunkhondo ankapatsidwa chakudya chochepa kuposa anzawo, ngati chilango. Ana ankafa ndi chikuku, chibayo, taifodi ndi kamwazi.

Mmodzi mwa ana omwe anawaona anali Lizzie van Zyl, mtsikana wa zaka 7 yemwe anali atatsala mafupa okhaokha. Anamwalira mu Meyi 1901, ndipo chithunzi chake chinadzafalikira m'maiko ambiri.

Mayi Hobhouse anachita zinthu ziwiri. Choyamba, anavutitsa akuluakulu a misasa mpaka sopo anayamba kuwerengedwa ngati chinthu chofunika, udzu wogonera unabwera, matenti anawonjezedwa, ndi ziwiya zowiritsira madzi zinapezeka. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene tikuwakumbukira nacho kwambiri, ankalowa m'matenti, kukhala pansi ndi amayi aja n'kumalemba zomwe ankanena: tsiku lomwe nyumba inawotchedwa, katundu yemwe anatayika, maina ndi zaka za ana omwe anamwalira. Anachita chimodzimodzi ku Norvalspont, Aliwal North, Springfontein, Kimberley ndi Mafeking. Pa siteshoni ya sitima ya Springfontein anaona mayi atakhala panja, mwana wake akumwalira m'manja, mayiyo osalira ngakhale kutulutsa mawu. Zimene anaonazo ndizo zinadzakhala chosema cha pa chipilala chija.

Umboni ufika ku nyumba ya malamulo

Ataona kuti bogi imodzi ya katundu singapulumutse anthu zikwizikwi, anabwerera ku Mangalande mu Meyi 1901 kuti akauze anthu a kwawo zomwe zinkachitika m'dzina lawo. Anakumana ndi nduna ya zankhondo, a St John Brodrick, ndipo mu Juni lipoti lawo linasindikizidwa. Mtsogoleri wa chipani chotsutsa boma, a Henry Campbell-Bannerman, atacheza nawo ananena poyera pa 14 Juni kuti nkhondoyo inkamenyedwa mwa njira zankhanza zosayenera anthu. Nyuzipepala zambiri zinawanyoza Mayi Hobhouse kuti ndi mzimayi wotengeka maganizo, wokonda adani. Maholo ena anakana kuwapatsa malo olankhulira.

Komabe boma linakakamizika kutumiza komiti yofufuza. Mamembala ake onse asanu ndi mmodzi anali amayi, chinthu chosazolowereka m'nyengo yomwe mzimayi wa ku Britain sankaloledwa n'kuvota komwe pa chisankho cha aphungu. Wapampando anali Mayi Millicent Fawcett, omwe ankamenyera ufulu wa amayi wovota koma ankagwirizana ndi nkhondoyo. Munalinso madokotala awiri, namwino, ndi mayi wina yemwe ntchito yake inali yoyendera mafakitale. Mayi Hobhouse anasiyidwa dala. Komitiyo inayendera misasa kuyambira Ogasiti mpaka Disembala 1901, ndipo ngakhale inadzudzula amayi a Chibunu pa nkhani za ukhondo, inapeza kuti zomwe Mayi Hobhouse ananena zinali zoona. Inalamula kuti chakudya chiwonjezedwe, madzi aziwiritsidwa, ndi kuti anamwino ndi madokotala achuluke. Imfa, zomwe zinafika pachimake mu Okutobala 1901, zinatsika kwambiri m'miyezi yoyambirira ya 1902.

Mu Okutobala 1901 momwemo Mayi Hobhouse anayesa kubwereranso. Sitima itafika ku Cape Town, asilikali anawaletsa kutsika. Atakana kubwerera mwa kufuna kwawo, patapita masiku angapo ananyamulidwa mokakamiza kupita nawo m'sitima ina yomwe inawabweza ku Mangalande. Nthawi imene anawatsekera khomoyi anaigwiritsa ntchito polemba buku lotchedwa The Brunt of the War and Where It Fell, lomwe linatuluka mu 1902, momwe anasonkhanitsamo makalata ndi umboni wa amayi a m'misasa.

Mtendere wa abambo okhaokha

Nkhondo inatha ndi pangano la Vereeniging pa 31 Meyi 1902. Nthumwi 60 za Mabunu zomwe zinakambirana zogonja zinali abambo okhaokha, chimodzimodzinso a mbali ya Britain. Kuvutika kwa amayi ndi ana kunali chimodzi mwa zifukwa zomwe zinawagonjetsa, koma panalibe mayi ngakhale mmodzi pa zokambiranazo. Tsono taonani chiwerengero cha omwalira. M'misasa ya Mabunu munafa anthu pafupifupi 28,000, ndipo oposa 22,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka 16. Omwalira m'misasa anaposa kutali abambo a Chibunu omwe anafera kunkhondo. M'misasa ya anthu akuda, imfa zolembedwa zinaposa 14,000, ndipo akatswiri a mbiri yakale amati nambala yeniyeni inafika cha m'ma 20,000 kapena kuposa, chifukwa ambiri sankalembedwa. Palibe munthu amene anaimbidwa mlandu chifukwa cha imfa zimenezi.

Panganolo linalonjeza mapaundi 3 miliyoni othandizira anthu kubwerera m'mafamu awo. Mu 1903 Mayi Hobhouse anabwera kudzaona ngati lonjezolo linkafika kwa eni ake. Anayenda pa ngolo m'maboma owonongedwa napeza amayi amasiye akukhala m'mabwinja opanda denga, opanda ng'ombe yolimira, akudikira chipepeso chomwe chinkachedwa kapena osabwera n'komwe. Analemba za njalayo m'nyuzipepala, nasonkhanitsa ndalama zogulira chakudya ndi ng'ombe zolimira zomwe zinkayenda famu ndi famu kulimira mabanja osowa.

Anaonanso atsikana ambiri atangokhala m'makomo osauka popanda chochita. Choncho anakaphunzira okha ntchito yopota ulusi ndi kuwomba nsalu, ndipo mu Malichi 1905 anatsegula sukulu ya ntchitoyi m'tauni ya Philippolis, mothandizana ndi mtsikana wina wa ku Mangalande, Margaret Clark. Atsikana ankapota ubweya wa nkhosa za kwawo komweko, kuunyika mu utoto wochokera ku zomera za m'tchire, n'kuwomba mabulangete, makapeti ndi nsalu zogulitsa. Sukulu zotere zinafalikira ku Orange River Colony ndi ku Transvaal mpaka maboma a kumeneko anazitenga. Mu 1908 Mayi Hobhouse anabwerera ku Ulaya chifukwa cha matenda a mtima, omwe sanawasiyenso.

Mawu amene ena anawadula

Pa 16 Disembala 1913 chipilala cha amayi chinatsegulidwa ku Bloemfontein. Amene anatsogolera ntchito yochimanga anali a M.T. Steyn, pulezidenti wakale wa Orange Free State, ndipo mmisiri wosema anali Anton van Wouw. Mayi Hobhouse anaitanidwa kudzachitsegula. Anayenda ulendo wonse wa panyanja, koma atafika pa Beaufort West thupi linakana, moti zomwe anakonza kulankhula zinawerengedwa ndi munthu wina.

M'mawu amenewo anapempha amayi a Chibunu kuti akhululukire Angerezi, ponena kuti chidani chimawononga mtundu womwe ukuchisunga. Anawachenjeza kuti ufulu womwe iwo anaufera asaumane anthu ena omwe ali pansi pa ulamuliro wawo. Anawakumbutsanso kuti anthu akuda zikwi zambiri anafa m'misasa pa nkhondo yomwe sinali yawo, ndipo kuti nawonso ayenera kukumbukiridwa.

Chenjezoli linali la pa nthawi yake. Pangano la Vereeniging linali litakankhira kutsogolo nkhani ya ufulu wovota wa anthu akuda, ndipo Angerezi ndi Mabunu atayanjana n'kupanga dziko limodzi mu 1910, anayanjana posiya anthu akuda kunja. M'chaka chomwecho cha 1913 panakhazikitsidwa lamulo lomwe linaletsa anthu akuda kugula malo m'gawo lalikulu la dziko lawo, ndipo amayi akuda a mu Bloemfontein momwemo anaguba kukana ziphaso zoyendera, ambiri n'kumangidwa. Chenjezo la Mayi Hobhouse silinamvedwe. M'zaka za tsankho, mabuku ena a chikumbutso anasindikiza mawu awo atachotsamo gawo lonena za anthu akuda, ndipo imfa za m'misasa zinasandutsidwa nkhuni zokolezera mtima wa tsankho.

Tiyenera kunenanso chilungamo pa iwo eni. Mayi Hobhouse sanayendere misasa ya anthu akuda monga anayendera ya Mabunu, ngakhale anapempha kuti ena akaifufuze. Komiti ya Mayi Fawcett nayo sinaiyendere. Nkhani za amayi a Chibunu zinalembedwa ndi maina ndi masiku, pomwe za amayi a Chisotho, Chitswana ndi Chizulu omwe anaika ana awo m'manda a m'misasa zambiri zinapita nawo kumanda. Apa mpomwe tikuona mtengo wa kulemba umboni, komanso chimene chimatayika ngati wolembayo sanafike pakhomo lina.

Nkhondo inanso, kukana komweko

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, Mayi Hobhouse anaitsutsa. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho analemba kalata yapoyera yopita kwa amayi a ku Germany ndi Austria, yomwe inasainidwa ndi amayi 101 a ku Britain. Amayi 155 a mbali inayo anayankha mwaubale. Mu 1916 anapita okha ku Belgium ndi ku Berlin, nakumana ndi nduna ya zakunja ya Germany, nayendera msasa wa Ruhleben momwe munkasungidwa anthu wamba a ku Britain, kuti aone ngati akaidi a mbali ziwirizi angasinthanitsidwe. Atabwerera kwawo ena anafuna kuti aimbidwe mlandu woukira dziko, koma sizinatheke.

Nkhondo itatha anapeza ana a ku Germany akufa ndi njala, ndipo anayambitsa ntchito yodyetsa ana zikwi zambiri tsiku ndi tsiku mumzinda wa Leipzig. Zina mwa ndalama za ntchitoyi zinachokera kwa amayi a ku South Africa, omwe zaka 20 m'mbuyomo anali m'matenti aja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: kawiri konse Mayi Hobhouse, omwe sanabereke, anasamala ana a anthu omwe dziko lawo linkawatcha adani.

Pofika 1921 anali atakalamba, akudwala, ndalama zitatha. Anthu a ku South Africa anasonkha mapaundi 2,300 kuti agule nyumba ku St Ives ku Cornwall. M'zaka zawo zomaliza anamasulira m'Chingerezi buku la tsiku ndi tsiku la mayi wina wa ku Transvaal, Alie Badenhorst, nasonkhanitsanso umboni wa amayi ambiri m'buku lotchedwa War Without Glamour. Anamwalira ku London pa 8 Juni 1926 ali ndi zaka 66. Thupi lawo linawotchedwa, ndipo pa 27 Okutobala chaka chomwecho phulusa lake linaikidwa patsinde pa chipilala cha ku Bloemfontein pamaso pa khamu lalikulu la anthu. Tauni ina ya ku Free State inatchedwa Hobhouse. Kwawo ku St Ive kunapita zaka zambiri asanalemekezedwe. Nyumba ya ansembe yomwe anakuliramo inatsegulidwa ngati malo okumbukira moyo wawo mu 2024.

Chimene anatisiyira

Patapita zaka 70 chimwalirireni Mayi Hobhouse, mu 1996, dziko la South Africa linayamba kumva umboni wa nkhanza za nthawi ya tsankho kudzera m'komiti ya Choonadi ndi Chiyanjanitso, yomwe wapampando wake anali Akibishopu Desmond Tutu. Oposa theka la anthu omwe anapereka umboni anali amayi, koma ambiri ankanena za amuna awo ndi ana awo aamuna, za iwo eni osatchula. Amayi ena omenyera ufulu atadandaula, komitiyo inakonza misonkhano yapadera ya amayi ku Cape Town, Durban ndi Johannesburg mu 1996 ndi 1997, kuti anene zomwe zinachitikira matupi awo ndi miyoyo yawo. Pa 31 Okutobala 2000 nthambi ya chitetezo ya bungwe la United Nations inavomereza chigamulo nambala 1325, chomwe chimapempha kuti amayi azikhala nawo pa zokambirana za mtendere ndi pa ntchito yokonzanso dziko nkhondo ikatha. Zinatenga zaka 98 kuchokera pa Vereeniging kuti zimenezi zilembedwe.

Mayi Hobhouse analibe udindo m'boma, analibe digiri, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya Mabunu analibe ngakhale voti. Anali ndi maso, cholembera ndi khama lokhala pansi m'tenti mpaka mayi wofedwa atamaliza kulankhula. Anadziwa kuti mfuti zikaleka kulira pamatsala ntchito yowerenga omwalira, yopepesa ofedwa, yobwezera zotayika ndi yopatsa amasiye chochita. Anadziwanso kuti kukhululuka kumabwera bwino choonadi chikanenedwa chonse, cha mtundu wako ndi cha mtundu wa mnzako yemwe.

Pamene mukukumana m'magulu anu mwezi uno, amayi, kambiranani funso lomwe moyo wa mayi ameneyu ukutifunsa. Pakagwa mkangano m'mudzi, m'banja kapena m'dziko, akuluakulu n'kukhala pansi kuti ayanjanitse anthu, kodi mayi amene wavutika kwambiri amapatsidwa mpata wolankhula? Ngati sapatsidwa, ndani mwa ife amene adzapite kukakhala naye pansi, kumumvera, ndi kukanena zomwe wamva pamaso pa oweruza?